Mfuti ya Mpikisano Ikayamba Kutha

Omvera, pakati pa masewera a Olimpiki pali ena amene amachitika popanda kuthamanga kapena kulumpha. Awa ndi masewera oombera chandamale ndi mfuti ya m'manja. Pa mpikisano wa mamita 10, mfutiyo imaomba ndi mphamvu ya mpweya, ndipo kachipolopolo kake n'ka mamilimita 4.5. Kabwalo kapakati, kamene kamapatsa mapointi 10, n'ka mamilimita 11.5 basi, kofanana ndi chikhadabo cha chala. Kotero mfuti ikaperepeseka pang'ono chabe, ngakhale diso lisaone, ntchito ya zaka zambiri ikhoza kupita m'madzi.

Chitsulo sichitha tsiku limodzi. Monga akulu amanenera, pang'onopang'ono ndi mtolo. M'kati mwa mfuti muli tizitsulo tiwiri timene timakolana, ndipo munthu akakhethemula timalekana, mfuti n'kulira. Nthawi zonse timakhulana, mpaka m'mphepete mwake mumasalala. Zikatero chokhethemulira chimapepuka, kapena chimaleka kumveka mofanana pa chala. Masipuling'i nawo amafooka, ndipo pa mfuti ya mpweya timphira totseka mipata timauma ndi kuyamba kudontha, mwakuti zipolopolo zimatuluka ndi liwiro losiyanasiyana.

Mfuti ya mamita 25, imene imagwiritsa ntchito zipolopolo za onga za .22, ili ndi mavuto akeake. Ikamakhethemulidwa yopanda chipolopolo, kamsomali koswera chipolopolo kakhoza kumamenya chitsulo chinzake n'kusiya chibowo. Nawo mlomo wa mpope umaonongeka ngati mwini aupukuta mosasamala ndi ndodo yachitsulo, ndipo chipolopolo chotuluka pa mlomo wopindika sichilunjika.

Malamulo a mpikisano sachitira chifundo mfuti yakutha. Oyang'anira amakoleka mwala woyezera pa chokhethemulira: magalamu 500 pa mfuti ya mpweya, magalamu 1,000 pa mfuti ya mamita 25. Mfuti ikakhethemuka isananyamule mwalawo, ndiye kuti yalephera. Botolo losungira mpweya nalonso lili ndi zaka zake. Likapitirira zaka 10 chipangidwire, silimaloledwanso.

Zimene zinachitikira Manu Bhaker wa ku India zimaphunzitsa zambiri. Pa masewera a ku Tokyo m'chaka cha 2021, kachitsulo kotsegulira mfuti yake kanathyoka mpikisano uli m'kati. Pamene kanali kusinthidwa, koloko sinaime. Anabwerera kudzamaliza zipolopolo zake 60 nthawi itatsala pang'ono, napeza mapointi 575, ndipo anakhala pa nambala 12, pamene anthu 8 okha ndiwo ankalowa m'ndime yomaliza. Patatha zaka zitatu, ku Paris mu 2024, mtsikana yemweyo anapambana mamendulo awiri a bulonzi. Luso analinalo kuyambira kale. Chimene chinamulanda mwayi ku Tokyo chinali kachitsulo kamodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani oombera odziwa amabweza mfuti kwa amene anaipanga, m'malo moikonza okha? Chifukwa chachikulu n'chakuti tizitsulo tambiri ta m'kati timalimbitsidwa kunja kokha, m'kati muli chitsulo chofewerapo. Munthu akatenga tupa nayamba kupala, amachotsa khungu lolimbalo, ndipo kachitsuloko kamatha msanga kuposa kale. Choopsa n'chakuti mfuti yotero ikhoza kulira yokha. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti safunsa anadya phula umakwanira.

Opanga mfuti zotere ndi owerengeka, ndipo ambiri ali ku Ulaya: Walther ku Ulm ndi Feinwerkbau ku Oberndorf m'dziko la Germany, Pardini ku Italy, Morini ku Switzerland. Iwo ndiwo amasunga miyeso yeniyeni ya kachitsulo kalikonse. Mfuti ikafika, mmisiri amaimasula yonse, nayeza ziwalo zake, nachotsa zakutha, naikamo masipuling'i ndi timphira tatsopano. Kenaka amaipana pa chopanira kuti dzanja la munthu lisaigwedeze, naombera zipolopolo zingapo, kuti aone ngati zonse zikugwera malo amodzi. Ku Germany, mpope wa mfuti ya onga ukasinthidwa, lamulo limafuna kuti mfutiyo ikayesedwenso ku nyumba ya boma yoyesera mfuti ndi kudindidwa chizindikiro.

Komatu kubweza mfuti si kutumiza kalata. Mfuti ya onga siidumpha malire a dziko popanda zilolezo, ndipo mapepala amatenga nthawi. Botolo la mpweya liyenera kukhuthulidwa lisanakwere ndege. Mwini wanzeru amalemba bwinobwino chimene wachiona, zipolopolo zimene amagwiritsa ntchito, ndi kuchuluka kwa zimene mfutiyo yaomba, kuti mmisiri asafufuze mumdima. Ndiponso amaitumiza nyengo ya mipikisano ikangotha, osati pamene wina wayandikira.

Omvera, woombera amaphunzitsa diso, dzanja ndi mpweya wake kwa zaka zambiri, koma zonsezo zimathera pa tizitsulo tosaoneka ndi maso. Mfuti ikayamba kusintha kamvekedwe pa chala, imeneyo ndi nthawi yoibwezera kwa mwini luso, tsiku la mpikisano lisanafike.