Mphepo sifuna forex, koma ili ndi bilu yake

Anthu akamakangana za magetsi a mphepo ndi a dizilo, ine funso langa limakhala limodzi: ndalama yake timalipira liti?

Jenereta ya dizilo siboola m'thumba pogula, koma imadya tsiku lililonse. Lita iliyonse timaitanitsa kunja ndi madola, ndiye kwacha ikagwa, mtengo wopangira magetsi nawonso umakwera. Tinazionera mu 2018 pomwe ESCOM inabwereka majenereta a Aggreko. Makina a mphepo ndi osiyana. Ndalama zambiri zimapita pomanga, kenako mphepoyo ndi yaulere kwa zaka 20 kapena kuposa. Chomwe chimalemera apa ndi chiwongoladzanja cha ngongole yomangira.

Taonani za ku Kenya. Pafupi ndi nyanja ya Turkana anaimika makina 365 otulutsa mamegawati 310. Makinawo anatha mu 2017, koma mawaya a makilomita oposa 400 opita ku Suswa anachedwa mpaka 2018. Mgwirizano unkati kampani ilipidwe ndithu ngakhale magetsi asakufika kwa anthu. Mapeto ake, Akenya analipira magetsi omwe sanatchajirepo ngakhale foni.

Komanso mphepo simvera munthu. Ikaleka kuomba, pamafunika madamu, mabatire kapena dizilo yemweyo.

Ine ndili mbali ya mphepo, chifukwa dziko losowa forex silingamaotche madola tsiku ndi tsiku. Koma wandale akadzakulonjezani makinawa, mudzamufunse: mawaya atha liti, chiwongoladzanja ndi chotani, nanga ntchito ikachedwa alipire ndani?