Ndalama za soya zikulowa pa nambala ya ndani?

Nyengo yokolola ikafika, mavenda amapachika masikelo m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Mtengowanthenga mpaka ku Mponela, ndipo ena amalipira kudzera pa foni. Apa m'pamene amayi ambiri a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amaluzira. Soya ndi mtedza alima ndi iwo, koma foni ndi ya bambo. Ndalama zikalowa pa nambala ya bambo, zafika m'thumba mwa bambowo.

Sikuti pamafunika foni yodula ayi. Airtel Money imatsegulidwa ndi *211#, TNM Mpamba ndi *444#, ndipo zonsezi zimatheka pa kafoni ka mabatani, popanda intaneti. Nkhani yagona pa simu khadi. Kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA limafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo polembetsa amafuna chiphaso cha unzika. Choncho mayi amene ali ndi chiphaso angathe kugula simu yakeyake, n'kumaiika m'foni yobwereka pa tsiku logulitsa lokha.

Nambala yachinsinsi asauze munthu, ngakhale ejenti amene. Thumba lisakwere galimoto mayiyo asanatsegule akaunti n'kuona yekha ndalama zimene zilimo, chifukwa uthenga wakuti ndalama zalowa akathyali amatha kuulemba okha.