Mapeputayidi opha mabakiteriya a pakhungu la chule

Mapeputayidi opha mabakiteriya ndi timapuloteni tating'onoting'ono topezeka m'timadzi toterera timene timatuluka pakhungu la achule ambiri. Timapangidwa m'timatumba ta mkati mwa khungu, ndipo timatuluka tochuluka chule akavulala kapena akaopsezedwa. Ntchito yake ndi kuteteza khungu lonyowa la chule ku mabakiteriya ndi mafangasi amene amaswana m'matope ndi m'madzi osayenda.

Mbiri

M'chaka cha 1987, Michael Zasloff wa ku National Institutes of Health ku America adafalitsa zimene adapeza pa chule wa ku Africa wotchedwa Xenopus laevis. Iye ankachita opaleshoni achule aakazi kuti atenge mazira, n'kuwabwezera m'madzi osayera, koma mabala awo ankapola osatukusira. Atafufuza khungulo adapeza mapeputayidi awiri, lililonse lokhala ndi ma amino acid 23. Adawatcha magainin, kuchokera ku mawu a Chiheberi otanthauza chishango.

Achule a ku Malawi

Xenopus laevis ndi m'bale wake Xenopus muelleri amapezeka m'Malawi. Ndi achule aphwatalala okhala ndi zikhadabo ku miyendo yakumbuyo, ndipo moyo wawo pafupifupi wonse amakhala m'madzi. Chule wina wa kuno, Kassina senegalensis, amene amakonda kuyenda m'malo modumpha, ali ndi peputayidi yotchedwa kassinatuerin-1. Achule otere amadalira madambo, zithaphwi ndi maiwe, malo amene ndi ochuluka m'boma la Mchinji, kuphatikizapo dera la Kapondo. Madambo akauma, akalimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi kapena akalowa mankhwala a m'munda, achule amasowa poswanirana.

Momwe amagwirira ntchito

Bakiteriya aliyense amakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamasunga zamkati mwake. Kachikopaka kali ndi mphamvu ya magetsi yosiyana ndi ya peputayidi, choncho ziwirizi zimakokana. Peputayidi ikamatirira, imapindika ngati sipuling'i, n'kulowa m'mafuta a kachikopako ndi kuboola timabowo. Zamkati zimatayika ndipo bakiteriya amafa. Kunja kwa maselo a nyama ndi anthu kulibe mphamvu yokoka yotere, n'chifukwa chake magainin sawononga maselowo msanga.

Maantibayotiki ambiri amalimbana ndi chinthu chimodzi chokha mwa bakiteriya, ndipo bakiteriya akasintha chinthucho mankhwala amaleka kugwira ntchito. Kusintha kachikopa konse n'kovuta kwambiri, motero mabakiteriya sazolowera mapeputayidi mofulumira.

Kufunika kwake pa zachipatala

Vuto la mabakiteriya osamva mankhwala likukula m'Malawi. Kafukufuku wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome pachipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, amene adaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, adaonetsa kuti mabakiteriya ena oyambitsa matenda a m'magazi akuchulukira kusamva maantibayotiki ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri akufunira magwero atsopano a mankhwala.

Komabe kusandutsa mapeputayidi kukhala mankhwala kwavuta. Pexiganan, mankhwala opaka opangidwa potengera magainin kuti achize zilonda za kumapazi kwa odwala shuga, adakanidwa ndi bungwe la FDA la ku America mu 1999, ndipo zoyesa zina zomwe zidatha mu 2016 sizidaonetse phindu lokwanira. Mapeputayidi amagayika msanga m'thupi, amadula kupanga, ndipo ena akachuluka amaphulitsa maselo ofiira a magazi.

Chenjezo

Timadzi ta chule si mankhwala opaka pachilonda. Muli zinthu zambiri zosakanikirana, ndipo achule ena a khungu lokhakhala amatulutsa poizoni wosokoneza kugunda kwa mtima. Mapeputayidi ofufuzidwa amayamba apatulidwa ndi kuyezedwa mu labotale.