Moyo wotchipa wa ku Portugal uli ndi matope ake

Ambirife tinakula tikumva kuti America ndi dziko limene anthu amathawirako. Koma zaka zaposachedwapa nzika zina za dzikolo, makamaka zopuma pa ntchito ndi zogwira ntchito pa intaneti, zikulongedza katundu kupita ku Ulaya, ndipo dziko limene limatchulidwa kawirikawiri ndi Portugal. Penshoni imene ku California imathera pa lendi ndi inshuwalansi ya chipatala, m'tauni yaing'ono ya ku Portugal imatha kusunga banja mwezi wathunthu. Ndakhala m'dziko limeneli zaka zingapo, ndipo ndikuona kuti wofuna kusamuka ayenera kuwerengera zinthu zisanu asanagule tikiti.

Choyamba ndi chilolezo. Pasipoti ya America imalola munthu kukhala m'maiko a Schengen masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Wofuna kukhazikika amapempha viza akadali kwawo. Viza ya D7 ndi ya amene ali ndi ndalama zobwera popanda kugwira ntchito, monga penshoni. Ayenera kusonyeza kuti pamwezi amalandira zosachepera malipiro otsikitsitsa a ku Portugal, amene mu 2025 anali mayuro 870. Viza ya D8, imene inayamba mu 2022, ndi ya ogwira ntchito pa intaneti ndipo imafuna ndalamazo kuchulukitsa kanayi. Pamafunikanso nambala ya msonkho yotchedwa NIF, umboni wa malo okhala ndi kalata ya FBI yonena za milandu. Akafika, chiphaso chokhalira m'dziko amakachitenga ku bungwe la AIMA, limene linalowa m'malo mwa SEF mu 2023. Kumeneko mapepala ngochuluka, ndipo ambiri amadikira miyezi.

Chachiwiri ndi msonkho. America imatsatira nzika zake kulikonse kumene zili. Wokhala ku Porto amatumizabe mapepala a msonkho ku IRS chaka ndi chaka, ndipo ndalama za m'mabanki akunja zikaposa madola 10,000 ayenera kuziulula ku boma la kwawo. Naye Portugal amamuwerengera ngati wokhoma msonkho akakhala m'dzikomo masiku oposa 183 pachaka. Maiko awiriwa ali ndi pangano loletsa kudula msonkho kawiri, koma kulitsatira bwino kumafuna katswiri, ndipo katswiriyo salipidwa ndi zikomo. Ndondomeko ya NHR, imene inkachepetsera alendo msonkho kwa zaka khumi, inatsekedwa kwa obwera kumene kuyambira mu 2024.

Chachitatu ndi chipatala. Medicare, imene okalamba a ku America amadalira, nthawi zambiri silipira chithandizo cha kunja kwa dzikolo. Wokhala ndi chiphaso amalembetsa ku zipatala za boma za SNS, kumene amalipira zochepa kapena osalipira kumene, koma mizere ya madokotala ena njaitali. N'chifukwa chake ambiri amagulanso inshuwalansi yapadera, imene mtengo wake umakwera munthu akamakula.

Chachinayi ndi nyumba, ndipo apa m'pamene mawu oti kutchipa amanyenga. Ku Lisbon, ku Porto ndi ku Algarve lendi inakwera kwambiri. Mitengo yabwino ili m'matauni a m'kati monga Viseu, Castelo Branco ndi Guarda, kumene kukhala wopanda galimoto n'kovuta. Nyumba zambiri zakale zilibe zotenthetsera, choncho mu Januwale chinyezi chimalowa mpaka m'mabulangete ndipo bilu ya magetsi imakwera. Komanso dola ikagwa poyerekeza ndi yuro, penshoni imachepa munthu asanagule ngakhale buledi.

Chachisanu ndi chilankhulo. M'mizinda achinyamata ambiri amalankhula Chingerezi, koma kuofesi ya msonkho, kuchipatala ndi kumsika wa m'mudzi kumafunika Chipwitikizi, chomwechi chimene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amaphunzira kusukulu. Wokana kuchiphunzira amakhala mlendo mpaka kalekale, kumangocheza ndi anzake ochokera kwawo.

Pali chinanso chimene obwera ayenera kukumbukira. Chotchipa kwa wolandira madola ndi chodula kwa mwini dziko. Mphunzitsi kapena namwino wa ku Lisbon akupikisana pa nyumba imodzi ndi mlendo amene angathe kulipiriratu miyezi isanu ndi umodzi. Anthu akhala akuchita zionetsero m'misewu chifukwa cha lendi, ndipo mu 2023 boma linaletsa kupeza chiphaso chokhalira m'dziko pogula nyumba.

Malangizo anga ndi akuti wofuna kusamuka ayambe wachita lendi kwa chaka, aone nyengo yozizira, asunge ndalama za miyezi ingapo pambali, ndipo asagulitse msanga nyumba ya kwawo. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ku Portugal ndi mapepala, msonkho wa maboma awiri ndi lendi yokwera.