Pogula Galimoto Yogwirapo Kale Nchito

Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mau amenewa muwakumbukire tsiku limene mudzalowa pabwalo la ogulitsa magalimoto, pamene zonse zimanyezimira.

Magalimoto ambiri ogwirapo kale nchito amacokera ku Japan. Amatsitsidwa m'sitima ku Dar es Salaam nalowa m'dziko lathu pa Nakonde. Mwini wake woyamba simudzamuona, cotero galimotoyo iyenera kudzicitira yokha umboni.

Pitani m'mamawa ndi makanika wanu, pakuti injini yozizira sibisa matenda. Utsi wabuluu usonyeza kuti injini ikudya oilo. Mukapeza zoyera ngati mkaka pansi pa civundikiro ca oilo, kawirikawiri ndiye kuti madzi alowa m'injini. Makilomita olembedwa musawakhulupirire okha, popeza osakhulupirika amawabweza. Yang'ananinso kuperepeseka kwa mapedulo ndi ciwongolero.

Koposa zonsezi ndiwo mapepala. Nambala ya chassis yodindidwa pacitsulo ifanane ndi ya mu White Book ya ku RTSA. Ngati galimoto sinalembetsedwe, onani zikalata za ZRA zotsimikiza kuti msonkho unalipidwa. Galimoto yakuba apolisi amailanda, ndipo wogula amatsala manja lende, ndalama zitapita.

Mukalipira, landirani lisiti ndi kalata ya malonda, nimusinthitse dzina msanga. Wogulitsa akakufulumizitsani, tsazikani mwaulemu. Magalimoto sadzatha pamsika, koma ndalama imene mwaikhetsera thukuta zaka zambiri ikapita, yapita.