Dzina la mayi Truth likuyenera sitima yamafuta

Mu Epulo 2025, pamalo opangira sitima a kampani ya NASSCO ku San Diego, anatsitsira m'nyanja sitima yotalika mamita 227 yotchedwa USNS Sojourner Truth. Siyomenyera nkhondo. Ntchito yake ndi kuyandikira sitima zankhondo za America pakati pa nyanja, zonse zikuyenda, n'kuzipopera mafuta kudzera m'mapaipi olendewera pa zingwe zachitsulo, komanso kuzipatsira chakudya. Oiyendetsa ambiri ndi anthu wamba.

Ena akuti mayina a omenyera ufulu alibe malo pa sitima za asilikali. Nduna ya zachitetezo Pete Hegseth anafufuta dzina la womenyera ufulu Harvey Milk pa sitima ya mtundu womwewu mu Juni 2025, ati pofuna kuchotsa ndale pa nkhani ya mayina. Koma wofuna kuchita zomwezo ndi dzina la mayi Sojourner Truth ayambe wafufuza mbiri yake. Anabadwira mu ukapolo ku New York cha m'ma 1797, dzina lake ali Isabella. Anathawa mu 1826 atanyamula khanda, ndipo mu 1828 anapambana kukhoti mlandu wobweza mwana wake Peter, yemwe anagulitsidwa mozembera lamulo ku Alabama. Nkhondo yapachiweniweni itabuka, mdzukulu wake James Caldwell analowa usilikali m'gulu la 54th Massachusetts. Gogoyo naye sanakhale chete: mu 1863 anasonkhanitsa chakudya kwa anthu a ku Battle Creek n'kukachitula kwa asilikali akuda ku Camp Ward, mumzinda wa Detroit. Kudyetsa asilikali ndi imodzi mwa ntchito za sitimayi, ndipo mayiyu anaigwira ndi manja ake.

Palinso odandaula kuchokera mbali ina, oti mlaliki wopemphera ngati ameneyu sangakondwe kuona dzina lake likutumikira zida. Nkhawa yawo ndi yomveka, komabe Truth sanaime pakatikati pa nthawi ya nkhondo ija. Ankalimbikitsa anyamata akuda kulowa usilikali chifukwa ankadziwa kuti eni akapolo sadzawamasula mwaulemu, ndipo mu 1864 anakaonana ndi pulezidenti Abraham Lincoln ku White House.

Pomwe odandaulawa akunena zoona m'pakuti kulemba dzina pachitsulo n'kotchipa. Nkhondo itatha, Truth anayendayenda kusonkhanitsa masiginecha opempha boma kuti ligawire akapolo omasulidwa malo kumadzulo kwa dzikolo. Anamwalira mu 1883 nyumba ya malamulo isanavomere pempholo.