Wapachigayo Salamula za M'thumba

Mwina mudamvapo pa wailesi kuti makhonsolo ena ku Ulaya ayamba kulowerera nkhani ya ndiwo. Nkhaniyo ndi yoona, kungoti ofotokoza amaikokomeza. Mu 2022 khonsolo ya Oxfordshire ku England idagwirizana kuti pamisonkhano yake pazidyedwa zakumunda zokhazokha, nyama ayi. Alimi oweta ng'ombe ndi nkhosa adakwiya mpaka adakachita zionetsero pakhomo pa maofesi a khonsoloyo. Mu Januwale 2023 mzinda wa Edinburgh ku Scotland udavomereza chikalata chotchedwa Plant Based Treaty, chimene chidayambika mu 2021 pofuna kuti anthu achepetse kudya nyama. Chifukwa chimene amapereka ndi nyengo. Bungwe la dziko lonse loona za chakudya ndi ulimi la FAO lidawerengera mu 2013 kuti ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko umene umachokera ku ntchito za anthu.

Munthu wa kwa Kapichila kuno ku Lundazi akamva zimenezi amayamba waseka, ndipo sindimunena. Kuno nkhuku imafa kukabwera mlendo kapena pa Khrisimasi. Masiku ena onse ndi nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, kholowa, therere, ndipo kukauma timatsegula chikwatu cha mfutso. Nyemba za Lundazi zimatchulidwa ndi dzina mpaka m'misika ya ku Lusaka. Zimene a ku Edinburgh akusainirana mapepala, amayi athu adayamba kalekale popanda wowakhalira msonkhano. Komabe mukatha kuseka, khalani pansi pang'ono, abale anga, chifukwa m'nkhaniyi muli funso lotikhudza: kodi mphamvu za khonsolo zimayambira pati, nanga zimathera pati?

Tiyerekeze ndi chigayo cha koparetivu, chija mudasonkherana kugula n'kuikapo mnyamata woti aziyendetsa. Mayi akafika ndi thumba pamutu, wapachigayo sangamuuze kuti kwanu muzidya mgaiwa, ufa woyera musiye. Za m'thumba mwini wake ndi mayiyo. Ntchito ya mnyamata uja ndi kuona kuti sefa sidabooke, lamba ndi wolimba, injini ili ndi oilo, tini yoyezera sidaphwanyidwe kunsi kuti ibe, ndiponso ndalama yolowa yalembedwa m'kabuku. Chakudya chimene ali nacho mawu ndi chimodzi chokha: nsima imene imaphikidwa pachigayopo ndi ndalama za gulu.

Khonsolo nayo ndi choncho. A ku Oxfordshire sadatseke butchala ngakhale imodzi, ndipo sadalowe m'khitchini mwa munthu. Adangosintha mbale imene amagula ndi ndalama za msonkho. Mbale yotereyi kwathu kuno iliponso. Pitani pa msonkhano uliwonse wa pa boma nthawi ya nkhomaliro mukaone: mpunga, nkhuku, mabisiketi ndi zakumwa za m'botolo, zambiri mwa izo zochokera kutali, pamene alimi a m'wadi akugulitsa mtedza ndi soya kwa mavenda pamtengo wolira nawo. Boma lilinso ndi pulogalamu yodyetsa ana kusukulu imene cholinga chake ndi kugula chakudya kwa alimi a pafupi. Funso lofunsa pamenepo ndi lakuti nyembazo zagulidwa kwa yani, pamtengo wanji. Kuti mbewu zathu zimatha kulowa m'sitolo tidaonera kwa COMACO, amene amagula mtedza, soya ndi uchi kwa alimi a m'dera lino n'kumagulitsa pa dzina la It's Wild!

Koma zoti tichepetse nyama, ine ndikukana. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 adapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Mwana wotere afunika dzira, kapenta, mkaka ndi kachiwindi pamwamba pa phala la soya ndi nsinjiro. Vuto la ku Edinburgh ndi kudya nyama mopyola muyeso, lathu ndi kuisowa. Khansala amene angabwere ndi pepala lokopera kunja loletsa nyama, mumufunse kuti ana ake adya chiyani m'mawa. Chimene khonsolo ingatithandize nacho pa chakudya ndi kusamala sefa yake: oyendera zaumoyo aziona nyama ya m'butchala, msika ukhale ndi madzi ndi chimbudzi, mtedza wachuku usamagulitsidwe kwa anthu okapera nsinjiro za ana.

Tsopano tibwere ku nyumba, chifukwa kumeneko ndi kumene khonsolo imaonekera msana.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti kale makhonsolo m'Zambia anali eni nyumba zambirimbiri. Malo ngati Matero, Chilenje, Libala ndi Kabwata ku Lusaka anali odzaza ndi nyumba za khonsolo, chimodzimodzinso ku Kitwe ndi ku Ndola. Anthu ankalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo lendiyo inali imodzi mwa ndalama zikuluzikulu zoyendetsera khonsolo. Mu 1996, chaka cha masankho, Pulezidenti Frederick Chiluba adalamula kuti nyumbazo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, zambiri pamtengo wotsika kwambiri. Tisabise, mabanja ochuluka adapindula. Wopuma ntchito amene akadathamangitsidwa adakhala ndi pogona pakepake, ndipo ana ake adapeza cholowa. Koma kwa khonsolo zidali ngati koparetivu ija yagulitsa chigayo. Ndalama yogulitsira imabwera kamodzi, mumagawana, mumadya. Mawa lake kulibenso kaching'onoching'ono kaja kolowa tsiku ndi tsiku kogulira dizilo ndi lamba. Zaka zotsatira makhonsolo ambiri adavutika kulipira antchito awo ndi opuma ntchito, misewu ndi ngalande za m'makomboni zidangosiyidwa.

Ku England makhonsolo ambiri akadali ndi nyumba zawo, ndipo vuto lawo ndi lina: chigayo chilipo, koma ndani akuyang'anira woyendetsa? Usiku wa pa 14 Juni 2017 nyumba yansanjika 24 yotchedwa Grenfell Tower ku London idapsa, anthu 72 adafa. Mwini wake anali khonsolo ya Kensington and Chelsea, imene idapereka ntchito yoyendetsa nyumbayo ku bungwe lina. Okhalamo anali atadandaula kale za ngozi ya moto, koma madandaulo awo sadasamalidwe. Mu 2023 nyumba ya malamulo kumeneko idakhazikitsa lamulo latsopano, ndipo kuyambira mu 2024 oyendera ochokera kunja kwa khonsolo amapita kukaona mmene eni nyumba akuluakulu akusamalira alendi awo, n'kupereka giredi yoyambira C1 mpaka C4 imene aliyense atha kuiwerenga. Amafunsa zinthu wamba: denga likadontha mumakonza patapita masiku angati, mawaya amagetsi mudawayeza liti, wodandaula mudamuyankha kapena ayi.

Inu mukuchidziwa kale chimenechi. Mnyamata wapachigayo akakhala kuti ndiye wolandira ndalama, ndiye wolemba m'kabuku, ndiyenso woliwerenga pamsonkhano, kabukuko sikalakwa. Injini imangofa tsiku lina mwadzidzidzi, ndiye mumamva kuti oilo adasiya kugula kalekale. N'chifukwa chake koparetivu yanzeru imasankha anthu ena, osakhala achibale ake a mnyamatayo, oti azibwera mosachenjeza, kutsegula kabuku, kuwerenga matini ndi kumvera kulira kwa injini. Sikumuyesa wakuba ayi. Ngakhale wokhulupirika amatayirira akadziwa kuti palibe adzaone.

Mungati, nanga ife za nyumba za khonsolo zikutikhudza bwanji, poti malo athu ali m'manja mwa mfumu ndipo nyumba timaumba tokha njerwa? Zikutikhudza kudzera ku CDF, ndalama ya chitukuko cha dera la phungu. Mu 2022 boma lidakweza ndalamayi kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo imadutsa m'manja mwa khonsolo. Mwa zina imamanga makalasi, zipatala zing'onozing'ono ndi nyumba za aphunzitsi ndi anamwino. Zimenezo ndizo nyumba zathu za gulu lero. Nyumba ya mphunzitsi ikadontha, mphunzitsi amapempha kusamuka, ndipo otsala opanda wowaphunzitsa ndi ana anu. Komanso mu 2018 Chasefu ndi Lumezi adapatulidwa kukhala maboma paokha, choncho khonsolo ya Lundazi idatsala ndi dera locheperapo, ndipo chodzikhululukira chakuti kumudzi n'kutali chidachepa.

Akuluakulu owerengera chuma cha boma amayendera mabuku a makhonsolo, inde, koma iwo amafika ntchito itatha, pulasitala atabisa kale zonse. Amene amaona simenti ikusakanizidwa ndi inu odutsa pamenepo popita kudimba. Simufunika sukulu ya zomangamanga kuti mudziwe kuti mchenga wachuluka: dothi lomangira likauma, likandeni ndi chikhadabo, likamayoyoka ndiye kuti thumba limodzi alitambasula mopitirira. Malata opyapyala amalira mosiyana mukawagogoda. Mitengo yakudenga yosapaka mankhwala chiswe chimaipeza chaka chisanathe. Maziko osazama amadziulula mvula yoyamba, mng'alu ukuyambira pakona ya zenera kutsikira pansi.

M'wadi iliyonse muli komiti ya chitukuko, ya WDC, imene ntchito yake ndi kutengera zofuna zanu ku khonsolo, ndipo khansala mudamusankha nokha. Musadikire tsiku lodula riboni. Afunseni dzina la kontirakitala, ndalama imene yaperekedwa ndi tsiku limene ntchito iyenera kutha, mulembe penapake. Kenaka mu Januwale, mvula ikugwa, tumani anthu awiri kapena atatu akapemphe kulowa m'nyumba ya aphunzitsi yatsopanoyo akayang'ane kudenga, ndipo zimene akaone akazinene pamsonkhano wotsatira mlembi akulemba.